Nsomba za Mai Aginesi

1981–1992: M'mapiri a Ntchisi

Ana anga, za kumudzi kwathu ndi za kusukulu ndakusimbirani kokwanira, moti ena mwa inu mumandimalizira mawu ndisanafike n'pakati pomwe. Apa ndilemba za ntchito zokha, kuti adzukulu akadzafunsa kuti agogo ankatani, musadzangoti ankaphika phala.

Komabe phalalo ndiye linasanduka dzina langa. Mu 1981 ananditumiza pa kachipatala kena m'mapiri a Ntchisi ngati mlangizi wa amayi pa kadyetsedwe ka ana, ndipo pasanathe mwezi dzina loti Nankhoma linali litafa. Aliyense ankangoti "amayi a phala." Mkulu wanga pa ntchito anali namwino wachikulire, a Nyirenda, mayi wamfupi wa ku mpoto amene sankaseka nthawi ya ntchito. Tsiku loyamba anandipatsa sikelo ya kakabudula, ija yokoleka pamtengo, ndi njinga yopanda mabuleki. Nditafunsa kuti nanga pa zitunda zonsezi ndizitsika bwanji, iwo anati, "Uzitsika wapansi, mwana wanga. Njingayo ndi yonyamulira sikelo, osati iwe."

Ntchito inali yosavuta kuifotokoza koma yovuta kuigwira. Tinkayeza ana kusikelo, kenako n'kuphunzitsa amayi magulu atatu a zakudya a nthawi imeneyo: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Mwana akatupa mapazi ndi masaya, tsitsi litafiira, anthu ankati ndi tsempho, bambo ndi mayi n'kuyamba kulozana zala. A Nyirenda anandiletsa kutsutsana nazo. "Usalimbane ndi tsempho," ankatero. "Iwe ingothira nsinjiro m'phalamo." Ku Ntchisi zinkatheka, chifukwa pafupifupi banja lililonse linali ndi kamunda ka mtedza kapena nyemba, ndipo usipa unkakwera phiri pa njinga kuchokera ku Nkhotakota. Ngakhale chilala cha 1992 tinachiwoloka, motsimphina inde, koma tinawoloka.

1993–1994: Kwa Chisepo

Chaka cha riferendamu anandisamutsira ku chipatala china chaching'ono kufupi ndi kwa Chisepo, m'boma la Dowa. Kumeneko ndinakumana ndi umphawi wa mtundu wina. Ambiri mwa amayi obwera kusikelo anali akazi a matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe. Analibe munda wawowawo. Kwa mwini esiteti ankalandira chimanga ndi mchere, za ndiwo azionera okha. Ukamuuza mayi wotere kuti azithira nsinjiro m'phala, ankavomera mwaulemu, koma mtedzawo akautenga kuti, pomwe fodya wafika mpaka pakhonde?

Mkulu wa chipatalacho anali a Kachingwe, munthu wanthabwala, wodziwa ntchito yake, koma amene nyengo yatsopanoyo inamusokoneza. Kale zonse zinkachokera kumwamba, iwe n'kungoti boma lalamula. Chisankho cha 1994 chitadutsa, aliyense pamsika anali ndi yankho limodzi lokha: "Ano ndi matipate." A Kachingwe ankaopa kuletsa chilichonse. Ankati, "Amayi, masiku ano ukaletsa munthu kutayira madzi pa mpanda wa chipatala, mawa umva kuti waphwanya ufulu wake." Nayo mitengo ya zinthu inkangokwera. Usipa, umene umayenda ulendo wautali kuti ufike kwa Chisepo, unasanduka ndiwo ya aphunzitsi pa tsiku la malipiro. Ufa wa soya wa ana onyentchera unkabwera mwezi uno, n'kusowa miyezi iwiri. Masiku ena ndinkaima pamaso pa amayi ndili ndi mphika, mthiko ndi nyimbo basi.

Inali nthawi imeneyo pamene ndinadziwana ndi Mai Aginesi. Anali mayi wamtali wa ku Phalombe, wa mawu okweza, amene amuna ake anamwalira ali tenanti pa esiteti ina chapafupi. M'malo mobwerera kwawo, anamanga kanyumba kuseri kwa msika. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha njira zinatseguka, ndiye ankakwera basi mpaka ku Mulanje, n'kuwoloka malire kupita kwa mlongo wake amene ankapikula nsomba kwa asodzi a kugombe. Tsiku lina ndinamupeza atayala thumba pamsika, ntchentche zili ng'waa, fungo lake losazolowereka.

"Izi ndi za ku nyanja iti, mayi?" ndinafunsa.

"Yamchere, achemwali, ija tsidya lake silioneka. Talawani, simufa."

Zinali za mitundu iwiri: tating'onoting'ono totalika ngati chala, ndi zidutswa zikuluzikulu zokhuthala, zothira mchere wambiri, zodulidwa ku nsomba imene iye ankati kutalika kwake n'kofanana ndi munthu. Anthu ankangozitcha zonse bakayawo. Chimene chinandiimitsa ine chinali mtengo wake, wotsika moti ngakhale mkazi wa tenanti akanatha kugulako. Ndinagulako zamitundu yonse, n'kukaziviika kuti mchere uchoke, n'kuziyanikanso, n'kuzisinja. Ufa wake ndinauthira m'phala la mgaiwa. Ana anayamba ndi kukwinya nkhope, koma mbale zinabwerera zoyera.

M'miyezi yotsatira ndinaona zimene ndinali nditasiya kuziyembekeza. Ana amene ankangotsika pa sikelo anayamba kukwera. Mwana wina, Yohane, amene anabwera atatupa mpaka maso kutsekeka, anaphwa, n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku za pachipatala. Amayi apakati ndinkawalimbikitsa kudya nsombazo kawirikawiri. Ine ndi Mai Aginesi tinakhala paubwenzi weniweni. Nyengo ya mvula matumba ake ankagona m'khitchini mwanga chifukwa denga lake linkadontha, ndipo akachoka ku ulendo ankandibweretsera kokonati, chinthu chimene ndinayamba kuchilawa ndili mayi wa ana asanu.

1995: Mawu ochokera kumsonkhano

Chakumapeto kwa chilimwe cha 1995, a Kachingwe anapita kumsonkhano kuboma. Atabwerako anandiitana mu ofesi, n'kutseka chitseko, zimene sankachita.

"Amayi, kumsonkhano kunali dokotala wina mlendo. Ndinatamanda phala lanu la nsomba, ndikuyesa andiombera m'manja. M'malo mwake anandifunsa kuti nsombazo amazigwira pati. Akuti m'madzi a kufupi ndi madoko ndi mafakitale mumagwera zitsulo za poizoni, mtovu ndi mekyuli, kaja kamadzi konyezimira ka mu themometa. Nsomba zimameza n'kusunga m'thupi, ndipo ngakhale uviike, ngakhale uphike, sizichoka. Wamkulu samva kanthu msanga, koma mwana wam'mimba ndi wakhanda zimamuwononga ubongo."

"Ndiye zathuzi zili nazo?"

"Sananene kuti zili nazo. Anati zikhoza kukhala nazo."

"Nanga titani?"

Anatambasula manja. "Ine sindingaletse malonda a munthu popanda umboni, andidya wamoyo. Koma zimene mumaphunzitsa kusikelo ndi zanu, amayi. Muone nokha."

Ndinakulunga nsomba za mitundu yonse iwiri, n'kupempha kuti zikayezedwe mumzinda. Zinadikira galimoto, galimoto inadikira mafuta. Uthenga unabwera wa pakamwa: zoyezera zitsulo zotere panalibe pa nthawiyo, tidikire. Mai Aginesi ndinali ndisanamuuze kanthu, chifukwa ndinkati ndimuuze ndili ndi chogwirika m'manja. Ndili m'kudikirako, iye ananyamuka ulendo wake wa ku malire, atasonkhanitsa zonse anali nazo kuti abwere ndi katundu wokwanira dzinja lonse.

Ali komweko, kusikelo kunabwera Naphiri, mtsikana wofatsa amene anadya nsombazo mimba yake yonse chifukwa ine ndinamuuza. Mwana wake, Tiyamike, anali atafika msinkhu wokhala pansi, koma khosi linali lisanalimbe, ndipo timanja take tinkanjenjemera akafuna kugwira chinthu. Naphiri sankadziwa kalikonse za zitsulo. Anangondipatsira mwanayo n'kunena kuti, "Amayi a phala, ndinatsata zonse zimene munandiuza. Nanga mwanayu watani?"

A Kachingwe atamuyeza anati zikhoza kukhala kuti anachedwa kulira pobadwa, chifukwa anabadwira kunyumba movutikira, kapena ndi malungo amene anadwala ali wakhanda. Nanenso ndinkadziwa kuti ana otere ndinawaonapo ku Ntchisi, kumene nsomba ya nyanja yamchere inali isanafikeko. Koma kudziwa n'kwina, kunyamula mwanayo m'manja n'kwinanso. Masiku amenewo ndinkayeza zinthu ziwiri m'mutu mwanga. Kutupikana ndinkakudziwa, ndinali nditaika m'manda ana ambiri chifukwa cha iko, koma ndinkadziwanso kulimbana nako. Chinachi sindinkachidziwa, sichioneka, sichinunkha, ndipo akuti chikalowa sichituluka. Nanga zitakhala zoona, ndiye kuti ine ndi mthiko wanga ndikupusitsa ana a dera lonse? Pa benchi ya amayi apakati panali podzaza, ndipo aliyense wa iwo anali ndi kathumba ka bakayawo kunyumba.

Tsiku la sikelo lotsatira ndinaimirira n'kusankha mawu mosamala. Ndinati, "Amayi, nsomba za ku nyanja yamchere zija, inu apakati ndi inu odyetsa ana aang'ono, bayambani mwaleka mpaka titamva zoona zake. Sindikunena kuti ndi zoipa. Ndikuti sitinadziwe bwino za madzi amene zimachokera."

Mawu ndinawasankha ine, koma amene anawanyamula ndi ena. Pofika madzulo, kumsika kunali kutamveka kuti amayi a phala anena kuti bakayawo ali ndi poizoni. Pakutha pa sabata, anali atasanduka mankhwala opusitsa ana ndi ofoola abambo. Amuna a Naphiri analumikiza nkhaniyo ndi mwana wawo, n'kumalalikira paliponse. Mai Aginesi anatsika basi ndi matumba ake osadziwa kanthu. Atangoyala pamsika, anyamata anamugudubuzira thumba limodzi m'matope, amayi amene dzulo lake ankamutcha mnzawo ataima chapatali.

M'mawa mwake anafika kwathu. Anakana mpando, n'kukhala pa khonde.

"Achemwali, ndamva za kumsika. Ndafuna ndimve kwa inu."

Ndinamufotokozera zonse: dokotala mlendo, zitsulo, nsomba zimene ndinatumiza, mwana wa Naphiri. Anamvetsera osandidula, zimene sizinali khalidwe lake.

"Ndiye mwazipeza zitsulozo?"

"Ayi."

"Alipo amene wazipeza?"

"Palibe."

"Koma mwanena."

"Ndinaopa, achemwali. Mukanamuona mwanayo..."

"Kuopa ndiye sindikukuletsani. Nanenso ndine mayi." Anayang'ana mapazi ake, amene anali akadali otupa ndi ulendo. "Koma matumba anga amagona m'khitchini mwanumu. Pamene munkakulunga nsomba zija kuti zikayezedwe, ine ndinali ndisananyamuke. Mukanangonditsina khutu, ndikanapita kukaona mlongo wanga n'kubwera manja lendelende. Tsopano ndazisenza kuchokera kutali konseko kudzazitaya pano."

Anatenga chitenje chake chimene anasiya kwathu, n'kumapita.

1996: Dzinja

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi yowawa chaka chilichonse m'maesiteti, chifukwa fodya amafuna manja onse pamene chakudya chatha. Chaka chimenecho inawawa koposa. Ufa wa soya sunabwere. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa: masamba a nkhwani osinja, ngumbi, nyemba zopemphetsa kwa alimi a m'midzi yozungulira. Sizinakwane. Ana amene ndinawaona akukwera pa sikelo anayamba kubwerera m'modzim'modzi, mapazi akunyezimira.

Yohane anabwera mvula ikugwa, mayi ake atamufunditsa pepala la pulasitiki. Anali atatupa kuposa poyamba, khungu likusupuka m'miyendo. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu, koma anakakhalako masiku ochepa chabe. Ndinapita kumaliro, pa kamanda ka m'mphepete mwa esiteti kumene amaikako alendo. Mayi ake sanandinene ngakhale pang'ono. Anangondigwira dzanja n'kuti, "Phala lanu la nsomba lija ankalikonda." Sindinganene kuti akanadya nsombazo akanakhala moyo, anali ndi chifuwa, ankatsegulanso m'mimba. Koma mawu amenewo ndinabwera nawo kunyumba, ndipo ndili nawobe.

Ndinafunsa a Kachingwe ngati ndingabweze mawu anga. Iwo anati, "Mubweza ndi chiyani, amayi? Chasintha n'chiyani kuyambira tsiku lija?" Ankanena zoona. Yankho la mumzinda silinabwere, ndipo silinadzabwerenso. Ngakhale ndikanabweza, madzi akatayika saoleka. Palibe amene akanagulanso nsombazo. Fodya atagulitsidwa, banja la Naphiri linasamukira ku esiteti ina ndi Tiyamike wawo, ndipo sindinamvenso za iye. Kanyumba ka Mai Aginesi ndinakapeza katalowa anthu ena. Iye anachoka osatsanzika.

1998–1999: Mponela

Mu 1998 anatiitana ku maphunziro a masiku ochepa pa Mponela. Mphunzitsi wina, mtsikana wamng'ono kwa ine, anakhudzako za nsomba, ndipo ine ndinakweza dzanja n'kufunsa za zitsulo zija. Anayankha mosavutika, ngati ndi nkhani yodziwika kwa aliyense. Anati mekyuli amachuluka makamaka mu nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, chifukwa zimakhala zaka zambiri zikuunjika zimene zameza. Tating'onoting'ono nthawi zambiri timakhala ndi zochepa, ndipo popeza timadyedwa ndi minga yomwe, timamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa. Anawonjezera kuti kutsimikiza kwenikweni kumafuna kuyeza, chifukwa madzi amasiyana. Anzanga analemba m'makope mwawo. Ine cholembera chinandikanika. Ndiye kuti mwina ndikanangoletsa zidutswa zikuluzikulu zija n'kusiya tating'ono, timene ndi timene ndinkasinja kwambiri m'phala la ana. Nzeru yokwana m'mawu ochepa chonchi inali ilipo kale kwina kwake, koma kwa Chisepo inafika itachedwa ndi zaka zitatu.

Chaka chotsatira, ndikudikira minibasi pa Mponela pomwepo, ndinamva mawu okweza akuitanira tomato. Ndinawazindikira ndisanacheuke. Anali ataonda, imvi zitatuluka m'mphepete mwa duku. Ndinapita n'kugwada pafupi ndi malonda akewo.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndili bwino, kaya inu amayi?"

Anati "amayi," monga ankanenera aliyense. Ndinamuuza zimene ndinaphunzira, za nsomba zazikulu ndi zazing'ono, ndi za Yohane, ndipo ndinapepesa chifukwa chosamuuza asananyamuke. Anamvetsera akukonza milu ya tomato imene inali yokonzeka kale.

"Matumba aja munatani nawo?" ndinafunsa.

"Tinadya. Nanga tikanataya? Ine, ana anga, ndi mwana wanga wamkazi amene anali woyembekezera nthawi imene ija. Zazikulu ndi zazing'ono zomwe, mpaka zinatha." Analoza ndi mlomo kumbuyo kwake. "Ndi ameneyo anali m'mimbayo."

Pa thumba lopanda kanthu panali patakhala kamtsikana ka zaka ngati zitatu, kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinakaitana, kanabwera mwamanyazi. Ndinakafunsa dzina, kanayankha. Ndinakapatsa chitsekerero chimodzi kuti kalandire, maso anga ali pa zala zake kuti ndione ngati zikunjenjemera, kenako pa maso ake, kenako pa mayendedwe pamene kankabwerera. Sindinadziwe n'komwe kuti ndikuchita zimenezo mpaka Mai Aginesi atalankhula.

"Musamuyang'ane choncho, amayi. Ameneyo ndi mdzukulu wanga, si yankho lanu la mumzinda."

Kamwanako kanali bwinobwino. Koma mwana m'modzi wabwino satsimikiza kanthu, monganso Tiyamike m'modzi sanatsimikize kanthu, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Mpaka lero, ana anga, sindidziwa ngati nsomba zija zinali ndi zitsulo kapena ayi. Ndinapuma pa ntchito ndisakudziwa, ndipo ndikuona kuti ndidzapita ndisakudziwa.

Kondakitala anayamba kuitana. Ndinagula tomato amene sindinkamufuna. Anandiikira m'jumbo, n'kuwonjezera basela monga amachitira ndi wogula aliyense, kenako anatembenukira kwa mayi wina amene anaima kumbuyo kwanga n'kumufunsa kuti akufuna wa zingati.